ZAMAGALIMOTO: Kutsitsa galimoto yaliwiro pakhomo, ntchito imene siithera pomanga mabawuti

JOHANNESBURG - M'mizinda ya m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa, kuchokera ku Cape Town mpaka ku Harare, Lusaka ndi Blantyre, sizachilendonso kuona galimoto yaing'ono yaliwiro itakhala pansi kwambiri moti matayala ake amaoneka ngati abisala m'thupi mwake. Ambiri mwa magalimoto oterewa sanatuluke choncho ku fakitale. Eni ake anachotsa masipuling'i amene galimoto inabwera nawo n'kuikamo ena aafupi, ndipo ena anagwira okha ntchitoyi pakhomo pofuna kupulumutsa ndalama yolipira amakaniko.

Ntchitoyi ndi yotheka. Munthu amene ali ndi zipangizo zoyenera, malo asimenti osatsetsereka komanso mnzake womuthandiza angathe kuimaliza tsiku limodzi. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti opanga galimoto anayeza sipuling'i iliyonse pamodzi ndi shock absorber yake, mikono yachitsulo yogwira matayala ndiponso mmene matayalawo amapondera msewu. Mamilimita amene munthu wachotsa pa msinkhu wa galimoto amakachepanso penapake: pa mpata umene tayala limakwera nawo likagunda dzenje, pa moyo wa ma shock, kapena pa mphira ya matayala.

Pofuna kuti nkhaniyi imveke bwino, titenge chitsanzo cha Toyota 86, galimoto ya zitseko ziwiri imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012. Inkapangidwa ku fakitale ya Subaru mumzinda wa Ota ku Japan, ndipo mapasa ake ndi Subaru BRZ. Ku South Africa inkagulitsidwa yatsopano, pomwe m'maiko monga Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique zina zimafika zitayendapo kale ku Japan, kudzera m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Imalemera makilogalamu pafupifupi 1,250, imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo pakati pa mimba yake ndi msewu pali mpata wa mamilimita pafupifupi 130 okha. Zambiri zimene zinenedwe pano zikukhudzanso magalimoto ena amene achinyamata amakonda kutsitsa, monga Toyota Altezza, Volkswagen Golf GTI ndi Citi Golf, imene inkapangidwa ku Uitenhage, tauni imene lero ikutchedwa Kariega, kuyambira 1984 mpaka 2009.

Phindu lake ndi lotani?

Sipuling'i ya galimoto imatsata lamulo limene katswiri wa sayansi wa ku England, Robert Hooke, analifotokoza m'chaka cha 1678: ukawirikiza katundu, kufupika kwa sipuling'i nakonso kumawirikiza. Tiyerekeze sipuling'i imene imafupika milimita imodzi pa makilogalamu atatu alionse. Ngati ngodya imodzi ya galimoto ikuisenzetsa makilogalamu 300, idzafupika mamilimita 100, ndipo pamenepo ndi pomwe galimoto imakhazikika ikangoima. Sipuling'i yotsitsira galimoto imapangidwa yaifupi kuti galimoto ikhazikike chapansi, komanso yolimba kuposa yoyamba, kaamba koti mpata woti tayala likwere nawo wachepa ndipo liyenera kuimitsidwa msanga lisanakagunde kumapeto.

Ogulitsa amanena kuti galimoto yotsika imagwira bwino msewu pokhota. Zimenezi ndi zoona ndithu, koma ndi bwino kuona kukula kwake. Potulutsa 86, kampani ya Toyota inalengeza kuti phata la kulemera kwa galimotoyi, kutanthauza malo amene kulemera kwake konse kumakhala ngati kwasonkhana, lili pa mamilimita 460 kuchokera pansi. Galimoto ikamakhota, kulemera kumathamangira ku matayala akunja, ndipo kuchuluka kwa kulemera kosamukako kumadalira kutalika kwa phata limeneli. Kutsitsa galimoto ndi mamilimita 30 ndiye kuti kwachepetsa kusamukako ndi magawo osakwana 7 pa 100 alionse, ndipo kwenikweni chiwerengerocho chimachepera pamenepo poti matayala ndi mabuleki satsika nawo. Kusintha kwakukulu kumene dalaivala amakumva pa chiwongolero kumachokera ku kulimba kwa masipuling'i atsopanowo, kumene kumachepetsa kupendekeka kwa galimoto. Kulimba komweko ndi kumene kumapangitsa kuti kamwala kalikonse ka pamsewu kazimveka kumsana.

Palinso malire amene munthu akawapyola, phindulo limasanduka vuto. Mikono yapansi yogwira matayala akutsogolo imakhala pafupifupi yopingasa pa galimoto imene sinasinthidwe. Galimoto ikatsika kwambiri, mbali ya mkono yomangidwa ku thupi la galimoto imatsika kuposa mbali ya ku tayala, ndipo zikatero galimoto imapendekeka mosavuta pokhota, chinthu chomwe mwini wake ankafuna kuthetsa. N'chifukwa chake masipuling'i ambiri opangidwira kuyenda pamsewu wamba amatsitsa galimoto ndi mamilimita apakati pa 25 ndi 40. Kunena mosabisa, ambiri amatsitsa galimoto pofuna maonekedwe, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga ngati akudziwa chimene akugula.

Asanagule

Mayina odziwika pa malonda a masipuling'i ndi monga Eibach, kampani imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1951 ku Finnentrop m'dziko la Germany, H&R ya ku Lennestadt m'dziko lomwelo, ndi Tein ya ku Yokohama ku Japan. Masipuling'i amapangidwa motsata mtundu wa galimoto, chaka chake, ndipo nthawi zina kukula kwa injini yake, popeza injini yolemera imafuna sipuling'i yosiyana kutsogolo. Sipuling'i ya galimoto ina ingathe kulowa pamalo pake n'kuoneka ngati yakwana, koma galimotoyo idzakhala yopendama kapena idzatsika mopitirira.

Masipuling'i ena mphete zake zimakhala zotalikirana mofanana, ndipo kulimba kwake kumakhala kumodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ena mphete za mbali imodzi zimakhala zothithikana, kotero amayamba mofewa n'kumalimba akamapanikizika. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umapiririka m'misewu ya mabampu, ngakhale kuti oyendetsa pa mabwalo a mpikisano amakonda woyambawo chifukwa sasintha khalidwe pakati pa kona.

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimachitikabe m'magalaja ena a m'mphepete mwa msewu, ndipo zonse ndi zoopsa. Yoyamba ndi kudula mphete imodzi kapena ziwiri za sipuling'i yakale ndi makina odulira zitsulo. Sipuling'i yodulidwa imataya mathero ake amene anaumbidwa kuti akhale bwino m'mbale yake, ndipo imatha kufupika kwambiri moti tayala likalendewera, monga pamene galimoto yadumpha hampu, imachoka pamalo pake. Njira yachiwiri ndi kuiwotcha ndi moto wa gasi mpaka itafota. Chitsulo cha sipuling'i chimalimbitsidwa ku fakitale potenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyeso wake, ndipo moto wa pagalaja umafafaniza ntchito yonseyo. Sipuling'i yowotchedwa imapitiriza kufota mosafanana ndi inzake, ndipo ingathe kuthyoka galimoto ili pa liwiro.

Amene anagula galimoto yochokera ku Japan ayenera kuyamba ayang'ana pansi pake. Kumeneko kutsitsa magalimoto n'kofala, ndipo lamulo la kuyeza magalimoto limafuna kuti mpata wa pansi usachepere mamilimita 90. Galimoto ina yaliwiro imafika kuno itatsitsidwa kale, mwini watsopano osadziwa. Masipuling'i a mtundu wowala monga wofiira, wobiriwira kapena wabuluu, okhala ndi dzina la kampani ina, amaulula zimenezi.

Choyenera kuyang'ananso ndi ma shock. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'i kunjanja, ndipo inayezedwa molingana ndi kulimba kwa sipuling'i ya ku fakitale. Ikapatsidwa sipuling'i yolimba imagwira ntchito yoposa mphamvu zake, komanso imakhala nthawi zonse itabwatamira chapansi pa ulendo wake. Shock yatsopano imapirira zimenezi ngati galimoto yatsika pang'ono. Shock imene yayenda kale mtunda wautali, kapena imene yanyowa ndi mafuta m'mbali, imatha msanga, ndipo galimoto imayamba kudumphadumpha ngati bwato pa mafunde. Popeza kusintha shock kumafuna kumasula zinthu zomwezo, ndi kwanzeru kusinthiratu zonse tsiku limodzi. Makampani monga Bilstein ndi Koni amapanga ma shock oyenerana ndi masipuling'i aafupi. Amene ali ndi ndalama zambiri amagula coilover, imene ndi shock ndi sipuling'i zopangidwira limodzi, ndipo msinkhu wake umatheka kukwezedwa kapena kutsitsidwa.

Kukweza galimoto ndi kumasula

Sipanala isanakhudze nati iliyonse, galimoto iyezedwe ili pamalo osatsetsereka. Muyeso umatengedwa kuyambira pakati penipeni pa tayala kufika m'mphepete mwa thupi la galimoto pamwamba pa tayalalo, ngodya zonse zinayi, ndipo ulembedwe papepala. Popanda manambala amenewa palibe njira yodziwira ngati galimoto yatsika mofanana. Usiku woti mawa ntchito ichitika, mabawuti apansi athiridwe mankhwala osungunula dzimbiri, makamaka pa magalimoto a m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Durban, Beira ndi Maputo.

Manati a matayala amamasulidwa pang'ono galimoto ikadali pansi. Ikakwezedwa, iyenera kukhazikidwa pa miyendo yachitsulo imene m'masitolo imatchedwa jack stand, pamalo olimba amene buku la galimoto likusonyeza. Jeke ndi chokwezera chabe. Mkati mwake mafuta amagwidwa ndi kamphira kakang'ono, ndipo kakaphulika galimoto imagwa nthawi yomweyo. Njerwa ndi mabuloko a simenti, zimene anthu ambiri amaimikirapo magalimoto m'makomo, zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala limene lachotsedwa ligonekedwe pansi pa galimoto ngati chitetezo chachiwiri, ndipo matayala otsala pansi atchingidwe ndi matabwa kutsogolo ndi kumbuyo, poti buleki yamanja imagwira matayala akumbuyo okha.

Matayala onse awiri akutsogolo akwezedwe nthawi imodzi. Chifukwa chake ndi chitsulo chopingasa chotchedwa stabiliser, chimene chimalumikiza mbali ziwiri za galimoto. Mbali imodzi yokha ikakwezedwa, chitsulochi chimapotoka, ndipo kabawuti kake kolumikizira kamakana kutuluka kapena kamatuluka mwamphamvu n'kupweteka zala.

Kutsogolo kwa Toyota 86, monganso magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuli MacPherson strut, dzina lochokera kwa injiniya wa ku America, Earle MacPherson, amene luso lake linaonekera pa Ford Consul ya m'chaka cha 1950. Pa dongosolo limeneli shock imakhala mkati mwa sipuling'i, ndipo ziwirizi zimachoka pa galimoto ngati mtolo umodzi. Choyamba amamasula tizinthu tonse tomangiriridwa pa strut: chogwirira paipi ya mabuleki, waya wa ABS ndi cholumikizira stabiliser. Kenako amamasula mabawuti awiri akuluakulu apansi, ndipo pomaliza manati atatu ang'onoang'ono apamwamba amene amaoneka boneti ikatsegulidwa. Pakati pa manati atatuwo pali nati ina yaikulu. Imeneyo siyenera kukhudzidwa pa nthawiyi, chifukwa ndi imene yatsekera sipuling'i.

Mabawuti apansi akangotuluka, chitsulo cholemera chimene pamakhala buleki chimagwera kunja n'kukoka paipi ya mabuleki. Chiyenera kumangiriridwa ndi waya kapena chingwe, kapena kuchirikizidwa kunsi. Paipi imene yakokedwa ingaoneke yabwinobwino kunja pomwe mkati yang'ambika. Pa magalimoto okokedwa ndi matayala akutsogolo monga Golf pali ngozi ina yoti shafiti yoyendetsa tayala ingasolokoke pa mfundo yake yam'kati.

Mphindi zoopsa

Strut ikakhala pansi, sipuling'i yake imaoneka yofatsa, koma imakhala itapanikizidwa kale pakati pa mbale yapansi ndi chivundikiro chapamwamba. Tibwerere ku sipuling'i ya chitsanzo ija. Ngati yapanikizidwa mamilimita 60 okha, ikukankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 180, kulemera koposa matumba atatu ndi theka a simenti, ndipo chimene chikuigwira ndi nati imodzi ija. Pa magalimoto akuluakulu mphamvuyo imaposa pamenepa. Munthu akamasula natiyo sipuling'i isanagwidwe, chivundikiro chimauluka ngati chaponyedwa ndi legeni, ndipo kawirikawiri nkhope ya womasulayo imakhala ili pomwepo.

Chipangizo chogwirira ntchitoyi ndi chopanira sipuling'i. Chofala m'makomo chimakhala ndi ndodo ziwiri zamazinga zokhala ndi ngowe kumapeto. Ndodozi zimakoledwa moyang'anizana, ina uku ina uku, ndipo zimamangidwa mosinthanasinthana pang'onopang'ono kuti sipuling'i isapindike ngati uta. Ikapindika, ngowe zimaterereka n'kukumana mbali imodzi, ndipo apo ndi pomwe ngozi zambiri zimachitikira. Mazinga ake apakidwe girisi, ndipo amangidwe ndi sipanala yamanja. Makina omangira manati oyendera mphepo kapena batire amathamanga kwambiri moti munthu saona pamene ngowe yayamba kusuntha. Nthawi yonseyi strut ikhale chogona, mathero ake onse awiri ataloza kumene kulibe munthu, ndipo ana asayandikire. Nati yapamwamba imamasulidwa pokhapokha sipuling'i ikayamba kugwedera momasuka pa mbale yake.

Zopanira zotsika mtengo za chitsulo chopyapyala zimapindika, ndipo zakale zimene mazinga ake anadyeka zimalumpha. Amene akukayika chipangizo chake ali ndi njira yapafupi: achotse yekha ma strut pakhomo, awanyamule kupita nawo ku galaja imene ili ndi chopanira chachikulu chomangidwa kukhoma, ndipo kumeneko asinthitse masipuling'i okha. Ndalama yake imakhala yochepa poyerekeza ndi ya ntchito yonse, ndipo gawo lokhalo limene lingachotse munthu diso limakhala lagwiridwa ndi makina oyenera. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Pomasula nati yapamwamba, ndodo ya shock imazungulira nayo limodzi. Pamutu pa ndodoyo pamakhala kabowo kolowetsapo Allen key kuti iigwire. Ena amaipana ndi pulayala pa mbali yake yonyezimira, ndipo mano a pulayala amasiya zipsera zimene pambuyo pake zimadula mphira yotsekera mafuta. Shock yotero imayamba kudontha m'masabata owerengeka.

Zidutswa zonse zichotsedwe mwa ndondomeko ndi kuyalidwa pansi monga momwe zinakhalira, ndipo kujambula chithunzi pa foni kumathandiza. Mwa zidutswazo muli kamphira kofewa kovekedwa pa ndodo ya shock kotchedwa bump stop, kamene kamaletsa chitsulo kugunda chitsulo tayala likakwera mpaka kumapeto. Galimoto ikatsika imayandikira kamphiraka, ndipo ikatsika kwambiri imakhala ikuyenda itakagonera, masipuling'i osagwiranso ntchito. Opanga ena amaika tatifupi m'bokosi, ena amalamula kudulako pang'ono, ena amati kasiyidwe momwemo. Pepala la m'bokosi ndi limene liyenera kutsatidwa. Kukachotseratu ndiko kupha shock pa dzenje loyamba.

Masipuling'i akutsogolo ndi akumbuyo amasiyana, ndipo amalembedwa zizindikiro. Ena amalembedwa F ndi R, pomwe a ku Germany ena amalembedwa VA kutanthauza kutsogolo ndi HA kutanthauza kumbuyo. Pa mbale yapansi pali kachitunda pamene nsonga ya sipuling'i iyenera kutsamira. Ikakhala pambali pa kachitundako galimoto imapendama ndipo imalira phokoso pokhotetsa chiwongolero. Utoto wa sipuling'i usakandike, chifukwa pokandikapo ndi pomwe dzimbiri limayambira, ndipo mng'alu umayambira pa dzimbiripo.

Kumbuyo kwa 86 ntchito ndi yofanana koma yopepukirapo: manati awiri apamwamba amapezeka m'buti kuseri kwa kapeti, ndipo pansi pali bawuti lolumikiza shock ku mkono. Pa magalimoto ena sipuling'i yakumbuyo imakhala payokha, ndipo imatuluka mkono ukatsitsidwa pang'onopang'ono pa jeke.

Kumanga kumene ambiri amalakwitsa

Bawuti lililonse la m'miyendo ya galimoto lili ndi muyeso wake wa kumanga, umene umalembedwa m'buku la okonza galimotoyo, ndipo umatsatidwa pogwiritsa ntchito sipanala yoyezera yotchedwa torque wrench. Manati a matayala a 86, mwachitsanzo, amamangidwa pa 120 Nm. Kumanga mongoyerekeza, kapena kudumphira pa sipanala ndi phazi, kumatha kusiya bawuti lili lomasuka kapena kulikoka mpaka litatsala pang'ono kuduka. Magalimoto ena, kuphatikizapo a Volkswagen ambiri, ali ndi mabawuti amene amatamuka akamangidwa ndipo opanga amalamula kuti asabwezeredwe kachiwiri.

Pali chinthu china chimene ngakhale amakaniko ena amachidumpha. M'mfundo za mikono muli mabushi a mphira amene sazungulira pa bawuti koma amapotoka mkono ukamakwera ndi kutsika. Mabawuti odutsa m'mabushiwa akamangidwa galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera, mphirayo imagwidwa pamalo olakwika, ndipo galimoto ikatsitsidwa imakhala yopotoka usana ndi usiku mpaka itang'ambika. Imathanso kuletsa galimoto kutsika bwino, mwini wake n'kumaganiza kuti anamugulitsa masipuling'i abodza. Mabawuti amenewa amamalizidwa kumanga kulemera kwa galimoto kuli pa miyendo yake, mwina pokweza mkono ndi jeke mpaka utafika pamene umakhala galimoto ikaima, kapena poimika matayala pa zokwerapo zolimba.

Apa pali kamsampha kena koseketsa koma kofala: galimoto ikatsitsidwa, jeke imene inalowa bwinobwino m'mawa imakanika kutuluka madzulo. Matabwa oikidwa pansi pa matayala galimoto isanatsitsidwe amathetsa vutoli.

Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wapang'onopang'ono, mawindo ali otsegula kuti phokoso lililonse limveke. Chiwongolero chikhotetsedwe mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri poona ngati tayala silikukhula penapake. Masipuling'i atsopano amakhazikika m'masiku angapo oyamba, ndipo muyeso uja ubwerezedwe kenako n'kuyerekezedwa ndi wa papepala. Mbali yakumanja ndi yakumanzere zikasiyana kwambiri, kawirikawiri ndiye kuti sipuling'i ina sinakhale bwino pa mbale yake. Pakatha makilomita pafupifupi 100, manati a matayala ndi mabawuti akuluakulu ayesedwenso.

Gawo limene silingatheke pakhomo

Galimoto ikatsika, mikono yake imasintha kaimidwe, ndipo matayala amasiya kuloza kumene ankaloza. Pamwamba pa tayala pamapendekera mkati, chimene oyeza matayala amachitcha camber, ndipo kutsogolo kwa tayala kumaloza mkati kapena kunja pang'ono, chimene amachitcha toe. Camber yochepa imathandiza pokhota. Chimene chimadya matayala mwankhanza ndi toe.

Masamu ake ndi osavuta. Tayala la mainchesi 17 la 86 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 625. Likapatuka ndi mamilimita atatu okha pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chinthu chimene diso silingaone, ndiye kuti pa kilomita iliyonse likufuna kupatuka mamita pafupifupi asanu, ndipo galimoto ikulikokera m'njira mokakamiza. Pa ulendo wa makilomita oposa 300 wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, zili ngati tayalalo lakwekwerezedwa cham'mbali mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Mphira imatha cham'kati, kumene mwini galimoto sayang'anako, mpaka mawaya ataonekera. Kuyezetsa matayala pa makina, kumene amakutcha wheel alignment, n'chifukwa chake kuli gawo la ntchitoyi ndipo mtengo wake uyenera kuwerengeredwa limodzi ndi wa masipuling'i. Kuchitike masipuling'i akakhazikika, ndipo m'masiku odikirawo galimoto isayende maulendo ataliatali.

Pa 86, monga inachokera ku fakitale, chimene chimatheka kusinthidwa ndi toe yokha. Camber ikapitirira, pamafunika kugula mabawuti apadera a kutsogolo ndi mikono yosinthika ya kumbuyo, ndalama ina imene wogulitsa masipuling'i satchula. Magalimoto a nyali zowala kwambiri ali ndi kachipangizo kumkono wakumbuyo koyeza msinkhu wa galimoto. Galimoto ikatsika, kachipangizoka kamaona ngati kumbuyo kwanyamula katundu n'kuweramitsa nyali, ndipo dalaivala amangodabwa kuti usiku sakuona patali. Nyalizo ziyenera kuyezedwanso. Magalimoto atsopano okhala ndi makamera othandiza kugwira mabuleki okha nawonso amafuna kuonedwa ndi odziwa, poti makamerawo anayezedwa pa msinkhu wa ku fakitale.

Ndiyeno pali msewu weniweniwo. Masipuling'i ambiri a mtunduwu anayesedwa m'misewu ya ku Ulaya, Japan ndi America. Ku Britain, mwachitsanzo, lamulo silola kuti hampu la pamsewu wa boma lipitirire mamilimita 100. Toyota 86 ya mpata wa mamilimita 130 ikatsitsidwa ndi 30 imatsala ndi 100, ndipo anthu awiri ndi chikwama akakwera imatsikiranso. Galimoto ya mtundu wa Hilux, poyerekeza, ili ndi mpata woposa mamilimita 200. M'matauni ndi m'malo ochitira malonda a m'mphepete mwa misewu ikuluikulu ya chigawo chino, mahampu samangidwa mofanana, ena amachita kuunjikidwa ndi anthu okhala pafupi, ndipo nyengo ya dzinja imasiya maenje akuthwa m'mbali. Choyamba kugunda ndi bampala yakutsogolo, kenako ekizozi, ndipo pa magalimoto ena ndi sampu ya oyilo, imene ikabooka injini imauma m'mphindi zochepa. Kudutsa hampu mopingasa, tayala limodzi panthawi, kumathandiza, koma pa msewu wopapatiza kumalowetsa galimoto mbali ya anzake. Amene amayenda m'misewu yotere tsiku ndi tsiku angachite bwino kusapitirira mamilimita 25, ndipo amene kwawo ndi kotsata msewu wafumbi aganize kawiri asanagule n'komwe.

Malamulo okhudza kusintha galimoto amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany masipuling'i oterewa amagulitsidwa ndi chikalata chosonyeza kuti anayesedwa pa mtundu wa galimotoyo. M'maiko a chigawo chino galimoto imayenera kupambana mayeso otsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo woyeza angathe kuikana ngati matayala akukhula thupi lake kapena sipuling'i ikugwedera. Makampani a inshuwalansi nawonso amafuna kudziwitsidwa galimoto ikasinthidwa, ndipo amene wabisa angathe kukanizidwa chipukuta misozi ngozi ikachitika. Pa galimoto imene idakali pa chitsimikizo cha wogulitsa, zowonongeka zimene zayamba kaamba ka masipuling'i achilendo sizilipiridwa.

Masipuling'i akale asatayidwe. Amangidwe awiriawiri, alembedwe kuti akutsogolo ndi ati ndipo akumbuyo ndi ati, ndi kusungidwa pouma pamodzi ndi pepala la miyeso lija. Ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ambiri amafuna galimoto ya msinkhu wa ku fakitale, ndipo masipuling'i enieni a galimoto yosowa ngati 86 amavuta kuwapeza kunja kwa South Africa popanda kuchita kuitanitsa.